Kufufuza chakudya cha moose kuchokera m'mwamba: momwe ntchito yayendera ku Västerbotten

8 Januwale 2024: poyambira

Ntchito ndayiyamba kukuzizira koti ukangotuluka panja ubweya wa m'mphuno umagwirana. Sabata yathayi, pa 3 Januwale, ku Kvikkjokk kumpoto kwenikweni kwa Sweden kunazizira kufika madigiri 43.6 kunsi kwa ziro. Kuno ku Umeå, m'chigawo cha Västerbotten, sikunafike pamenepo, komabe za kuthengo ndaiwalako kaye. Miyezi inayi yoyambirira ndi ya pakompyuta.

Kwa amene simunaionepo nyamayi: moose, imene eni dziko amati älg, ndi chinyama cha miyendo italiitali ngati nsichi, mphuno yolendewera, ndipo yamphongo yokhwima imatha kufika makilogalamu 500. Ya kwathu yoyandikira msinkhu wake ndi ntchefu. N'chifukwa chake Adatchi atakumana ndi ntchefu kummwera kwa Africa anangoipatsa dzina limene kwawo ankatchulira moose, lija lakuti eland. M'nyengo yotentha moose imadya masamba, zitsamba ndi zomera za m'madzi. Sinowo ikagwa zonsezo zimasowa, ndiye imatembenukira ku tinthambi ta mitengo ing'onoing'ono. Pamtima pake pali mitengo yoyoyola masamba yotchedwa rönn, asp ndi sälg, koma mitengo imeneyi ndi yochepa. Wochuluka ndi paini, amene kuno amati tall. Ikabudula nsonga ya paini wamng'ono, mtengo umapindika kapena kuchita mphanda, ndipo chilemacho chimakhalabe m'kati mpaka tsiku limene mtengowo udzafike pamakina ochekera matabwa patapita zaka pafupifupi 100.

Mkangano uli pamenepo. Eni nkhalango akufuna nyama zichepe, alenje akuti zachepa kale. Mu 1982 dziko lino linapha moose zoposa 170,000 m'chaka chimodzi, pamene zaka zaposachedwazi chiwerengero sichikufika ngakhale theka lake. Bungwe la boma loona za nkhalango, Skogsstyrelsen, lili ndi kalembera wake wotchedwa Äbin, wowerenga mitengo yodyedwa m'nkhalango zazing'ono za mita 1 mpaka mamita 4, ndipo malire amene anagwirizana ndi akuti mwa paini 100 aliyense, woonongeka mwatsopano pachaka asapose 5. Koma kuwerenga pakamwa pokha sikukwanira. Mbuzi khumi m'dambo lalikulu sizisiya chizindikiro; mbuzi khumi zomwezo m'dimba la mpiru ndi mlandu wa kwa amfumu. Pakufunika kudziwanso kukula kwa dimbalo.

Yanga ntchito ndi imeneyo: kupanga mapu a dera la makilomita 20 mbali zonse, kumtunda cha ku mtsinje wa Vindelälven, ogawidwa m'timabokosi ta mamita 10, osonyeza pamene pali tinthambi toti moose ifikira ndi pakamwa, kuyambira theka la mita kufika mamita 3.

Zimene ndili nazo: laputopu yakale ya RAM ya 8 GB, mapulogalamu a QGIS (ya mapu) ndi R (yowerengetsera deta), onse aulere, ndi disiki yakunja ya 1 TB imene ndagula kronor (ndalama za kuno) 950. Deta yonse ndi yaulere.

22 Januwale: mafayilo a laser

Mawu akuti laser ndiwasiya momwemo, chifukwa ndikawalemba mwa Chichewa muganiza kuti ndikunena za mwini uta uja wa kumwamba. Bungwe la mapu, Lantmäteriet, kuyambira 2018 lakhala likuulutsa ndege pamwamba pa nkhalango za dziko lino. Ndegeyo imawombera pansi kuwala, kuwalako kukagunda nthambi, mwala kapena nthaka kumabwerera, ndipo paliponse pamene kwagunda pamakhala kadontho kokhala ndi kutalika kwake. Pamalo a mita imodzi mbali zonse pamagwa kadontho kamodzi kapena tiwiri. Mafayilo amabwera m'zidutswa za makilomita 2.5 mbali zonse, choncho dera langa latenga mafayilo 64.

Cholakwa choyamba chinali chaumbuli weniweni. Ndinauza lidR, chida cha mu R chowerengera deta ya laser, kuti iwerenge mafayilo onse 64 nthawi imodzi. Laputopu inalira ngati chigayo kwa mphindi 20 kenako zii. Ndinayesanso kawiri, ngati kuti makina amamva chisoni. Njira yake ndi readLAScatalog, imene simeza zonse pakamodzi koma imaluma pang'onopang'ono. Ndinaika zidutswa za mamita 500.

Zitayenda usiku wonse, m'mawa ndinapeza mapu a kutalika kwa mitengo ali ndi mizere yowongoka ngati nsalu yosokedwa zigamba. Ndinali nditaika malire oonjezera pa ziro. Chidutswa chilichonse chimafuna kuona pang'ono za mnansi wake kuti chidziwe pamene nthaka ili m'mphepete. Nditaika mamita 30, mizere inatha, koma usiku wina unapita.

Chachitatu n'choseketsa: panali mzere wa "mitengo" yofanana msinkhu wodutsa dera lonse kuchokera kummawa kupita kumadzulo. Ndi mawaya a magetsi. Ndinawachotsa pamanja. Koma ndaika chizindikiro, chifukwa pansi pa mawaya amadulapo mitengo pafupipafupi ndipo pamaphukira zitsamba zimene moose imakonda.

12 Febuluwale: Sentinel-2 ndi nkhalango imene "inafota"

Laser imaona msinkhu koma siona mtundu wa mtengo. Pa mtundu ndikudalira zithunzi za setilaiti za Sentinel-2, za timabokosi ta mamita 10, zojambulidwa pafupifupi masiku asanu aliwonse. Kujambula n'kwina, kuona pansi n'kwina: kuno mitambo ndi yambiri, ndipo kuyambira Novembala mpaka Febuluwale dzuwa limakhala m'munsi moti chithunzi chimangokhala mithunzi yokhayokha. M'chaka chonse cha 2023 ndapeza zithunzi zinayi zokha zogwiritsika ntchito pa dera langa.

Mnzanga wa mu ofesi anandipatsa zithunzi za 2021 zimene anasunga pa disiki yake kalekale. Za 2023 ndinazitenga ndekha pa Copernicus Data Space Ecosystem, tsamba limene linalowa m'malo mwa lakale lija kumapeto kwa 2023. Nditawerengetsa NDVI, muyeso wa kubiriwira, ndinapeza kuti nkhalango yonse yafota m'zaka ziwiri. Yonse, ndi dambo lomwe, ndi bwalo la mpira la m'mudzi lomwe. Masiku atatu ndinkayenda ndi nkhope ya munthu amene watulukira chinthu chachikulu.

Chimene ndinatulukira ndi chimene aliyense anadziwa kale. Kuyambira pa 25 Januwale 2022, manambala a m'zithunzi za Sentinel-2 anawonjezeredwa 1,000, ndipo uyenera kuchotsa 1,000 ameneyu usanagawe ndi 10,000. Taonani momwe zimapwetekera: kabokosi kokhala ndi 300 pa kuwala kofiira ndi 2,500 pa kuwala kwa infrared kamapereka NDVI ya 0.79. Kabokosi komweko ndi manambala atsopano, 1,300 ndi 3,500, kamapereka 0.46. Zithunzi za mnzanga zinali za kachitidwe kakale, zanga za katsopano. Musamangoyang'ana chaka cha chithunzi, chifukwa zakale zina anazikonzanso mwatsopano. Tsegulani fayilo ya MTD_MSIL2A.xml m'foda iliyonse ndi kufufuza mawu akuti BOA_ADD_OFFSET.

Vuto lina la sabata yomweyi: deta ya laser ili m'kachitidwe kolozera malo pa mapu kotchedwa SWEREF 99 TM, pamene zithunzi zanga za setilaiti zili m'kena kotchedwa UTM chigawo 34. QGIS imazigwirizanitsa yokha pa sikirini, ndiye umaona ngati zonse zili bwino, koma R imakana. Nditasamutsa zithunzi, ndinasamutsa ndi gawo losonyeza mitambo pogwiritsa ntchito njira yosakaniza manambala oyandikana. Pagawo limeneli 4 ndi zomera, 9 ndi mtambo, 11 ndi sinowo. Ine ndinapeza timabokosi ta 6.4. Kulibe chinthu chotchedwa 6.4. Gawo lotere limasamutsidwa ndi nearest neighbour basi, njira yongotenga nambala ya kabokosi kapafupi osasakaniza.

4 Malichi: mapu oyamba

Atuluka, ndipo ndi okongola. Obiriwira pamene mitengo yambiri ili pakati pa theka la mita ndi mamita 3, otuwa pamene yatalika kuposa pamenepo, oyera pamene palibe kanthu. Ndinawasindikiza papepala lalikulu ndi kupita nawo kwa mayi amene akundiyang'anira pa ntchitoyi.

Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa funso limodzi: "Ndege inadutsa liti?"

Ndinati 2019.

"Ndipo lero ndi liti?"

Ndinayankha kuti ndikudziwa, koma kumpoto kuno mitengo imakula pang'onopang'ono, kusiyana sikungakhale kwakukulu. Iwo anangomwetulira nati tidzakambirananso sinowo ikasungunuka. Ndalemba zokambiranazi pano mwadala, kuti mudzaone m'munsimu momwe zinandibwererera.

15 Epulo: kukonzekera kuthengo

Ndasankha malo 120 oti ndikayeze ndi manja: 60 pamene mapu akuti pali chakudya, 30 pamene akuti mitengo ndi yaitali, 30 pamene akuti ndi poyera. Kompyuta ndiyo yasankha mwachisawawa, koma ndaiuza kuti pasapose makilomita awiri kuchokera pamsewu. Lamulo la allemansrätten limalola munthu kuyenda pansi m'nkhalango ya wina aliyense, koma galimoto kuchoka pamsewu n'koletsedwa.

Pamalo aliwonse ndikhoma chikhomo chimodzi ndi kuzunguliza zingwe ziwiri. Cha mamita 3.5, monga amachitira a Äbin, n'chowerengera mitengo. Cha mamita 5.64 chimazungulira malo okwana masikweya mita 100 ndendende, ndipo n'chowerengera ndowe.

Zogula: jombo za mphira kronor 700, tepi yoyezera, zingwe, zikhomo ndi maliboni kronor 480, neti ya kumutu ndi mankhwala a udzudzu kronor 260. Galimoto ndi GPS ya m'manja ndabwereka. Mafuta ndi anga.

21 mpaka 31 Meyi: kuthengo

Kuwerenga ndowe kuli ndi nthawi yake yochepetsetsa. Sinowo iyenera kukhala itasungunuka kuti uone pansi, koma zitsamba zisanaphuke kuti zisaphimbe. Chaka chino sinowo inachedwa kuchoka, kenako kunabwera kutentha kwadzidzidzi. Tsiku loyamba ndinkamira mpaka m'maondo m'malo a mthunzi. Pofika tsiku lachisanu ndi chitatu björk, mtengo wina woyoyola masamba, anali atavala masamba. Chondipulumutsa n'chakuti kuno mwezi uno sikuda. Ndinkagwira ntchito mpaka 10 koloko usiku kukuwala ngati 4 koloko masana. Ndinkagona m'kanyumba ka alendo pa kronor 450 usiku umodzi, masiku 11.

Ndowe za moose za m'nyengo yozizira zili ngati za mbuzi koma zazikulu ngati chala chachikulu, zouma, ukaziphwanya m'kati muli ngati utuchi. Mulu umawerengedwa ukakhala ndi timibulu 20 kapena kuposerapo, ndipo uyenera kukhala pamwamba pa masamba ogwa chaka chatha, osati pansi pake. Ndinapeza milu 41 m'timabwalo 120, ndiye kuti m'mahekitala 1.2. Ndikatenga milu 14 patsiku pa nyama imodzi, nambala imene ambiri amagwiritsa ntchito ngakhale ena amaika yokwererapo, ndi masiku 225 chigwereni masamba, zikutuluka moose pafupifupi 11 pa mahekitala 1,000. Nambala imeneyi musaitenge kupita nayo kumsonkhano. Theka la timabwalo tanga ndinatiika dala pamalo odyera, ndiye zili ngati kuwerenga anthu a m'mudzi uli pa chigayo.

Tsopano za mapu anga okongola aja.

Kabwalo koyamba, mapu akuti mitengo ya mita imodzi ndi theka. Ndinafika n'kupeza paini wondipitirira kawiri msinkhu, nsonga zake zoti moose singazifikire ngakhale itaima ndi miyendo iwiri. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachisanu, mapu akuti nkhalango yakale ya mamita 18. Ndinapeza zitsa zokhazokha, anadula psiti, ndi milu ya nthambi itauma. Ndipo kumene mapu ankati ndi poyera, popanda kanthu, n'kumene ndinapeza phwando: timitengo ta paini tofika m'chiuno ndi pachifuwa, pafupifupi tonse tobudulidwa nsonga, milu ya ndowe itatu m'kabwalo kamodzi. Mu 2019 pamenepo panalidi poyera, mbande zitangobzalidwa kumene, zazifupi moti laser sinkazisiyanitsa ndi zitsa ndi miyala.

Mapu anga sanali olakwa. Anali a nkhalango ya zaka zisanu zapitazo. Pa nkhalango yakale zaka zisanu si kanthu, mtengo wa mamita 18 ukafika 19 ukadali wautali. Koma ine ndikufufuza kampata ka mamita awiri ndi theka, ndipo paini wamng'ono pano akukwera masentimita 30 kapena kuposa pachaka. M'zaka zisanu kuposa theka la kampatako lapita. Pa timabwalo 120, mapu analondola 58 okha. Kuponya ndalama m'mwamba kukanandipatsa zofanana.

Chithandizo chinachokera kwa bambo ena achikulire, mlenje amenenso ali ndi nkhalango yawo. Anaimitsa galimoto ataona munthu wachilendo akuzungulira chikhomo ndi chingwe ngati mbuzi yomangirira. Nditawafotokozera vuto langa, sananene zambiri. Anagwira paini mmodzi nayamba kuwerenga ndi chala kuchokera kunsonga kutsika. Paini amatulutsa nthambi mozungulira thunthu ngati masipoko a njinga, nsanjika imodzi chaka chilichonse. Ukawerenga nsanjika kubwerera m'mbuyo, umafika pamene nsonga inali m'chaka chimene ukufuna. "Ndege yakoyo inaona apa," anatero, chala chili pa thunthu cha pachifuwa panga.

Izi ndinaziphunzira m'kalasi zaka zapitazo n'kuzilemba pamayeso. Kuziona ngati chida, ayi, mpaka bambo aja. Kuyambira tsiku limenelo, pa kabwalo kalikonse ndimayeza mitengo itatu kawiri: msinkhu wa lero ndi msinkhu wa 2019. Timabwalo 37 timene ndinali nditadutsa kale ndiyenera kutibwereranso.

Tayala limodzi linaphulika pamsewu wa miyala: kronor 1,100.

17 Juni: kubwereza, ndi vuto la GPS

Pobwerera ku timabwalo 37 tija ndinazindikira china. GPS ya m'manja inkandifikitsa pamalo, koma chikhomo changa chili mamita 5, pena 8, kumbali. Tsono kabwalo kanga kotengera mitengo n'ka mamita 3.5 kuchokera pakati, kabokosi ka mapu n'ka mamita 10. Kuphonya ndi mamita 8 ndiye kuti ndikuyerekeza mitengo ya pano ndi kabokosi ka mnansi. M'kati mwa munda wa mitengo yofanana zilibe kanthu. M'mphepete, pamene mitengo yaing'ono yagundana ndi yakale, zimaononga zonse.

Ndinabwereka chida cha RTK chimene chimalandira zokonza kuchokera ku masiteshoni a SWEPOS kudzera pa netiweki ya foni, n'kukupatsa malo molondola mpaka masentimita ochepa. Pamene pali netiweki. M'zigwa ziwiri munalibe, ndipo timabwalo 9 ta kumeneko ndangotiika chizindikiro chakuti n'tokayikitsa. Ndikanayambiranso, ndikanauza kompyuta mu Epulo muja kuti isaike kabwalo pafupi ndi malire a munda kuposa mamita 20. Mzere umodzi wa malamulo ukanandipulumutsira sabata.

Udzudzu wa kuno ulibe malungo, koma kuchuluka kwake sindinakuonepo ngakhale ku Chigwa cha Shire. Oposa udzudzu ndi timtchentche totchedwa knott, timene timalowa m'manja mwa malaya n'kusiya magazi.

Zinthu ziwiri zimene ndinkalemba molakwa m'mwezi wa Meyi ndipo ndakonza. Moose ilibe mano akutsogolo m'chibwano cha m'mwamba, choncho kanthambi kamene yadya kamaoneka kothothoka, kansapato-nsapato. Kalulu amadula mosalala, mopendeketsa, ngati ndi mpeni. Ndipo nsonga youma ya paini si nthawi zonse ntchito ya moose: kumpoto kuno kuli matenda a chiwawu otchedwa törskate amene amapha nsonga, ndipo amasiya bala lakuda la utomoni pathunthu. Mitengo 14 imene ndinaisenzetsa moose inali yodwala.

9 Julayi: droni

Ndinaganiza kuti droni ingandipatse msinkhu wa lero m'malo mwa wa 2019. Ndinalemba mayeso a pa intaneti a Transportstyrelsen, bungwe la boma loona za maulendo, ndinabwereka droni yaing'ono ya kamera wamba, ndinaiulutsa pa mamita 80, pansi pa malire a lamulo a mamita 120. Pa minda isanu, iwiri yokha ndiyo inatuluka bwino. Kukakhala kamphepo, nsonga zopyapyala zimagwedezeka, pulogalamu yolumikiza zithunzi imalephera kuzigwira, ndipo mitengo imatuluka yaifupi ndi theka la mita. Batire imodzi imakwanira munda umodzi. Dera langa ndi mahekitala 40,000. Ndaibweza kwa mwini wake.

19 Ogasiti: kukalambitsa mapu

Popeza ndege sindingaiitanitse, ndachita zoti mapu akale akule. Zosakaniza zake ndi zitatu.

Miyeso iwiriiwiri ya nsanjika ija yandipatsa kakulidwe ka pachaka, ndipo kakusiyana ndi nthaka: pamchenga wouma wa ndere zoyera n'kochepa, pamalo a chinyontho chabwino n'kokwera. Ndagwiritsa ntchito mapu a chinyontho cha nthaka a yunivesite ya zaulimi ya SLU kugawa dera m'magulu atatu, gulu lililonse ndi kakulidwe kake, n'kuwonjezera zaka zisanu pa msinkhu wa 2019. Kenako ndatenga ku Skogsstyrelsen mapu otchedwa Utförda avverkningar, amene amasonyeza malo odulidwa ndi chaka chake, opezedwa poyerekeza zithunzi za setilaiti. Amenewa achotsa nkhalango zija zimene zinasanduka zitsa, ndipo kumalo amene laser inaona poyera andiuza kuti papita zaka zingati chidulireni, chimene n'chabwino kuposa msinkhu wabodza. Chachitatu ndi kusiyana kwa chithunzi cha kumapeto kwa Meyi ndi cha Julayi: mtengo woyoyola masamba umasintha kwambiri pakati pa ziwirizi, paini ndi gran (mtengo wina wa singano) sasintha.

Zonsezi ndinaziponya mu random forest, njira imene kompyuta imaphunzira pa zitsanzo n'kumalosera yokha. Zotsatira zoyamba: 94 pa 120. Ndinatsala pang'ono kuwaimbira mayi aja usiku. Mwamwayi ndinagona kaye. M'mawa ndinaona kuti timabwalo tina tili tiwiri kapena titatu m'munda umodzi, ndipo poyesa, kena kankagwera m'gulu lophunzitsira, kanzake m'gulu loyesera. Kunali kulembetsa mwana mayeso ataona kale kope la mnzake. Nditagawa potsatira munda, osati kabwalo, zatsika kufika 83 pa 120. Nambala yoona ndi imeneyo. Kuchoka pa 58 kufika pa 83, pafupifupi phindu lonse lachokera ku kukonza zaka. Ndinataya masiku asanu ndikusinthasintha makonzedwe a random forest, ndipo anandiwonjezera timabwalo tiwiri.

Zimene zakanika ndizinene mosabisa. Paini wamng'ono ndi gran wamng'ono sindikutha kuwasiyanitsa kuchokera m'mwamba. Mitengo ikakhala ya mita imodzi, zambiri zimene setilaiti ikuona m'kabokosi ndi udzu, miyala ndi nthambi zouma za pansi. Ili ndi bala lalikulu, chifukwa moose sikonda gran. Munda wa gran pa mapu anga ukuoneka ngati nkhokwe yodzaza pamene ndi nkhokwe ya mankhusu. Ndayesa kudalira nthaka, popeza pamchenga amabzala kwambiri paini, koma eni nkhalango ena, potopa ndi moose, anabzala gran pamalo oyenera paini. Nyama imene ndikuifufuza ndiyo yasokoneza chizindikiro chimene ndikanaipezera. Rönn ndi sälg, mtengo umodzi apa wina uko, sizioneka n'komwe. Ndipo blåbär ndi lingon, tizitsamba ta pansi pa nkhalango yakale timene moose imadya kwambiri sinowo isanakwirire, tili pansi pa denga limene setilaiti silibooleza. Pamenepo mapu anga alemba kuti palibe chakudya, ndipo ndi bodza.

16 Sepitembala: masamba achikasu

Ulenje wa moose kumpoto kuno unayamba kumayambiriro kwa Sepitembala, ndiye ndagula chovala chowala cha kronor 120 ndipo ndisanalowe m'thengo ndimaimbira kaye mtsogoleri wa gulu la alenje a deralo. Ndinkadikira chithunzi cha sabata imene björk amasanduka wachikasu ndi asp wofiira. Setilaiti inadutsa katatu pamwamba pa mitambo. Ulendo wachinayi kunayera theka la dera. Pa theka limenelo kusiyanitsa mitengo ya masamba ndi ya singano kwakhala bwino kuposa ndi zithunzi za Meyi ndi Julayi. Theka linalo lidikira chaka chamawa. Sentinel-2C yaponyedwa m'mlengalenga kumayambiriro kwa mwezi uno, koma mitambo siichotsa.

14 Okutobala: pamaso pa alenje

Bambo achikulire aja anandiitana kukaonetsa mapu ku gulu lawo, m'kanyumba kamene amasendera nyama. Anthu 12, khofi wakuda, mapu atayalidwa patebulo, m'makona atatsindira ndi makapu. Ndinayamba n'kunena zimene mapu saona, kuti ndisagwidwe nazo pambuyo. Anamvetsera, kenako mitu inaweramira papepala, aliyense kufunafuna pamene amakhalira podikira nyama.

Malo ambiri anavomereza. Munda wina waukulu kumpoto kwa nyanja yaing'ono, umene mapu akale ankati ndi poyera ndipo atsopano akuti ndi wodzaza, anati m'Febuluwale anaonapo moose zisanu ndi ziwiri pamodzi. Mayi wina anaika chala pa chigamba chobiriwira kwambiri pa mapu onse nati, "Apa palibenso kanthu." Mwini wake anapitamo mu Ogasiti ndi macheka opatulira, ntchito imene amati röjning, nagwetsa björk yense kuti paini apume. Sabata yomweyo imene ine ndinkasangalala ndi 83 wanga. Kupatulira kotere sikulowa m'mapu a malo odulidwa, ndipo chithunzi changa cha Sepitembala pamenepo chinali ndi mtambo. Ndinatenga bolopeni n'kudula chigambacho ndi mtanda, iwo akuseka.

Ndalama zonse zotuluka m'thumba langa: disiki 950, jombo 700, zoyezera 480, za udzudzu 260, mafuta a makilomita 3,100 pafupifupi 4,000, malo ogona 4,950, tayala 1,100, chovala chowala 120. Pamodzi kronor 12,560.

Mafayilo onse ndawasintha maina kuti chaka chimene deta inatengedwa chikhale koyambirira, chisanabwere china chilichonse. Gulu la alenje lavomera kuti aliyense akaona munda wopatulidwa azilemba pa mapu amene ndawasiyira pakhoma. Dzulo ndinamanga maliboni ofiira pa paini 90 m'minda 30, aliyense ndi nambala yake ndi msinkhu wake, nsonga zonse zili zamphumphu, kuti mu Meyi ndidzaone zimene zatsala. Maliboni ndawamanga m'mwamba, cha pa mita imodzi ndi theka, chifukwa bambo aja akuti a m'munsi sinowo imawakokera pansi n'kuwadula. Pobwerera ku galimoto sinowo yoyamba inali itayamba kuwaza.